Za Usyk, Ali ndi Tyson: tandiuzani kaye kuti munthu wanuyo anamenya ndani

Chigwetsereni Oleksandr Usyk mnyamata uja Daniel Dubois mu raundi ya 5 ku Wembley mu Julayi 2025 nkusonkhanitsanso malamba onse anayi a heavyweight, mkangano wakalekale uja wabukanso pakati pa ife a Malawi okhala kuno ku Joni, ndipo sukuzirala ayi. M'magulupu a WhatsApp, m'mashopu ometera a ku Rosettenville ndi ku Yeoville, ngakhale pamzere wa ma taxi pa Bree madzulo anthu ataweruka, nkhani ndi imodzimodzi: katswiri wankhonya woposa onse chiyambire ndi ndani? Achinyamata akuti ndi Usyk, ena akuti Floyd Mayweather chifukwa sanagonjepo, amsinkhu wapakatiwa sufuna nkuwayamba dala, kwa iwo dziko linayambira pa Mike Tyson nkutheranso pompo, pomwe matchona akuluakulu amene anamvera pa wailesi nkhonya ya Muhammad Ali ndi George Foreman ya ku Kinshasa mu 1974 amangopukusa mutu nkumati ana inu simunaone kanthu.

Ine mbali yanga ndinena poyambirira pomwe kuti tisavutane. Funso loti "Muhammad Ali atakumana ndi Tyson Fury angapambane ndani" ndi lotayitsa nthawi ndi data, chifukwa palibe amene angaliyankhe ndipo aliyense amangoyankha molingana ndi chaka chomwe anabadwa. Chomwe tingayeze ndi ichi: munthuyu pa nthawi yake anakumana ndi ndani, anawapeza ali pa mphamvu zawo kapena atatha kale, anakawamenyera kuti, ndipo zitamuthina anachita chiyani. Pa muyezo umenewu Muhammad Ali akadali pamwamba, Usyk wakwera kwambiri kuposa momwe achikulire akuvomerezera, ziro ya Mayweather siyolemera ngati momwe anthu amaiyimbira, ndipo Tyson, pepani amwene, sali pafupi nkomwe ndi mpando woyamba.

Tiyambe ndi mfundo ya achinyamata chifukwa ndi yomwe imamveka yanzeru kwambiri. Iwo amati masewero onse apita patsogolo, anthu a lero amadya mwadongosolo, ali ndi madokotala, amaonera mavidiyo a mdani wawo pang'onopang'ono mpaka kudziwa kuti akafuna kuponya lamanja amayamba waphethira, ndiye palibe chifukwa choti nkhonya zokha zikhale kuti zinaima mu 1974. Umboni wawo ndi wotchi. Jesse Owens anapambana mamita 100 ku Berlin mu 1936 ndi masekondi 10.3, Usain Bolt mu sitediyamu yomweyo mu 2009 anathamanga 9.58. Abebe Bikila anapambana marathon ku Rome mu 1960 ndi 2:15:16, Kelvin Kiptum ku Chicago mu 2023 anachita 2:00:35. Manambalawa ndi oona, sindikutsutsa. Koma taganizani zomwe wotchiyo ikuyeza. Owens amathamanga pa njira ya phulusa la malasha yomwe imamira ukaponda, poyambira amakumba yekha timaenje ndi kafosholo koti apondepo, pomwe Bolt amadumphira pa zitsulo zoyambira nkuthamanga pa labala wopangidwira dala kuti azibweza phazi. Bikila amathamanga opanda nsapato, phazi pansi pamiyala ya mu Rome, Kiptum anavala nsapato zokhala ndi kachitsulo ka carbon mkati. Kunena kuti Bolt ndi wamkulu kuposa Owens chifukwa cha wotchi yokha zili ngati kunena kuti agogo anu anali mlimi waulesi chifukwa amakolola matumba 15 pa ekala ndi chimanga chamakolo opanda feteleza pomwe inu mukukolola 40 ndi mbewu ya haibulidi ndi matumba anayi a urea. Bolt ndi wamkulu, inde, koma chifukwa chake ndi choti anapambana mamita 100 ndi 200 pa ma Olympics atatu otsatizana, 2008, 2012 ndi 2016, akusiya anzake amene anali ndi labala yemweyo ndi nsapato zomwezo. Ndiye mwaona, tabwerera ku muyezo wanga uja. Komanso wotchiyo siyenda mbali imodzi nthawi zonse: Bob Beamon analumpha mamita 8.90 mu 1968, Mike Powell 8.95 mu 1991, ndipo ndi sayansi yonseyi anyamata a lero akulephera kufikapo.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pomwe pali kusiyana kwakukulu, nkhonya zilibe wotchi yoti ikuuze kuti uyu ndi wabwino bwanji. Wothamanga amalimbana ndi mtunda ndipo mamita 100 ndi omwewo chaka chilichonse, wankhonya amalimbana ndi munthu. Malamulo enieniwo anasintha. Kale nkhonya ya lamba imakhala maraundi 15, anaichepetsa kufika 12 Duk Koo Kim wa ku South Korea atamwalira mu Novembala 1982 atamenyedwa ndi Ray Mancini mu raundi ya 14. Kale kumakhala magulu 8 okha a kulemera ndi ngwazi imodzi pa gulu lililonse, lero magulu ndi 17 kapena kuposa ndipo mabungwe ndi anayi, WBA, WBC, IBF ndi WBO, aliyense ndi lamba wake, ena mpaka malamba awiri pa gulu limodzi. Ndiye munthu akamati uyu ali ndi malamba ambiri kuposa Joe Louis, muzimufunsa kuti nthawi ya Louis malambawo analipo angati oti awatenge.

Tsono pali mfundo ya msinkhu, yomwe kwa zaka zambiri inali ngati yatseka nkhani. Amati Ali anali wamng'ono, akanaphwanyidwa ndi zimphona za lero ngati a Klitschko, Anthony Joshua ndi Tyson Fury. Chosangalatsa nchakuti amene anaipha mfundoyi ndi Usyk yemweyo amene akumuimbira m'manja. Usyk ndi wamtali masentimita 191, chimodzimodzi Ali. Ali ku Kinshasa amalemera makilo 98, Usyk pomwe amamenya Fury koyamba ku Riyadh mu Meyi 2024 amalemera makilo 101, Fury ali 119 ndi msinkhu wa masentimita 206. Munthu wa thupi la Ali wamenya Joshua kawiri, Fury kawiri, Dubois kawiri, pogwiritsa ntchito miyendo, maso ndi mpweya, zomwe Ali anali nazo zosefukira. Simungagwire zonse ziwiri, kuti Usyk ndi woposa onse komanso kuti Ali anali wamng'ono kwambiri. Ndipo zimphona sizinayambe lero, Jack Dempsey anaswa Jess Willard mu 1919, Joe Louis anasasantha Primo Carnera mu 1935, onsewo anali anthu otalika pafupifupi mamita awiri.

Ife okhala kuno tili ndi chitsanzo chathu pakhomo pomwe chosonyeza kuti funso la "angapambane ndani" ndi lopanda mutu. Pa 22 Epulo 2001 ku Carnival City, ku Brakpan uko, Lennox Lewis anabwera kudzateteza malamba ake kwa Hasim Rahman, munthu amene palibe amamuwerengera. Nkhonyayo inachitika cha m'ma 5 koloko m'bandakucha kuti a ku America aonere usiku wawo. Rahman anafika kuno pafupifupi mwezi nkhonya isanachitike kuti azolowere mpweya wopepuka wa kuno komwe ndi kokwera kwambiri, Lewis anachedwa ku Las Vegas komwe amajambulitsa filimu nkufika masabata awiri osakwana, ali wonenepa kuposa nthawi zonse. Aliyense amene anangotsika basi kuchokera ku Nsanje kapena ku Karonga nkukalowa mu gemu ya social Lamlungu lake loyamba akudziwa zomwe mpweya wa kuno umachita, mphindi 20 zokha chifuwa chimakhala ngati mwathiramo tsabola. Pofika raundi ya 5 Lewis amapuma ndi kukamwa, manja ali pansi, anabwerera cham'mbuyo kukatsamira zingwe uku akumwetulira, Rahman anangoponya lamanja limodzi pachibwano, chimunthu chonse chija phii chagada, nkhani yathera pompo. Miyezi 7 yokha itadutsa, mu Novembala ku Las Vegas, Lewis yemweyo anagoneka Rahman mu raundi ya 4 ngati akusewera. Anthu omwewo, chaka chomwecho, zotsatira zosiyana kotheratu. Ngati sitikanatha kulosera za anthu awiri a chaka chimodzi, nanga za Ali wa 1966 ndi Fury wa 2020 tingazidziwe bwanji? Onjezanipo Corrie Sanders, mzungu wa kuno amene amakonda gofu kuposa jimu, yemwe anakagwetsa Wladimir Klitschko mu raundi ya 2 ku Hanover mu 2003.

Tibwere kwa anthu a ziro. Iwo amati cholinga cha nkhonya ndi kupambana, Mayweather anamenya 50 osagonja, Rocky Marciano 49 osagonja, Ali anagonja kasanu, ndiye masamu ndi osavuta. Ndivomereze kuti Mayweather si munthu wamba ndipo amene amati amangothawa mu ring sadziwa nkhonya. Anaphwanya Diego Corrales mu 2001, anapambana Oscar De La Hoya mu 2007, Miguel Cotto mu 2012, Canelo Alvarez mu 2013, ndipo pa luso lozinda chibakera mwina palibe wofanana naye. Koma ziro ili ndi mbali ziwiri, luso ndi kusankha, ndipo Mayweather anali katswiri pa zonse ziwiri. Dziko lonse limafuna nkhonya yake ndi Manny Pacquiao kuyambira 2009 pomwe Pacquiao amagwetsa aliyense, inadzachitika mu Meyi 2015 Pacquiao atagonekedwa kale chafufumimba ndi Juan Manuel Marquez mu 2012. Canelo anamupeza ali ndi zaka 23. Ndipo nambala 50 yeniyeniyo anaikwanitsa pa Conor McGregor, munthu amene anali asanamenyepo nkhonya yolipidwa ndi kamodzi komwe. Yerekezani ndi Sugar Ray Robinson amene anamenya nkhonya pafupifupi 200. Mu Febuluwale 1943 anagonja kwa Jake LaMotta, patapita masabata awiri anamenya munthu wina, sabata yotsatira nkubwereranso kwa LaMotta yemweyo nkumupambana, nkhonya zitatu mwezi umodzi. Ali mu 1966 mokha anateteza lamba kasanu, ku Canada, ku England kawiri, ku Germany ndi kwawo. Munthu amene amamenya choncho adzagonja tsiku lina basi, ndipo kugonja kwa mtundu umenewo sikumuchotsera kanthu.

Ife a Malawi tikanayenera kuimvetsa mfundoyi kuposa wina aliyense chifukwa cha Isaac Chilemba, mwana wa ku Blantyre amene anakulira nkhonya zake konkuno ku Joni. Mukangoyang'ana pa pepala muona kuti anagonja kangapo ndithu, ndipo mwana wa TikTok anganene kuti anali wamba. Koma taonani maina: Tony Bellew kawiri ku England mu 2013, koyamba anafanana mphamvu, Sergey Kovalev kwawo ku Russia mu 2016 pomwe Kovalev amaopedwa ndi dziko lonse, ndipo anamaliza naye maraundi onse 12, Dmitry Bivol mu 2018, maraundi 12 enanso. Nthawi zonse kunja, kutali ndi kwawo ndi ochemerera ake. Akanafuna ziro akanangokhala pa Emperors Palace nkumamenya anthu omusankhira, ndipo lero bwenzi palibe akumudziwa kunja kwa Kempton Park.

Tsopano gulu lovuta, la a Tyson, ndipo ndikudziwa kuti apa ena atseka foni. Mfundo yawo ndi yoti Tyson wa 1986 mpaka 1988, asanasokonezeke ndi ndalama ndi za m'banja, akanagwetsa munthu aliyense amene anabadwapo. Ndikumvetsa komwe chikondichi chimachokera, ambirife Tyson tinamudziwira m'mavidiyo sho a ku Ndirande ndi ku Kawale, tepi imodzi ya ma knockout okhaokha ikubwerezedwa tsiku lonse, ndipo zinali zoopsadi. Anatenga lamba ali ndi zaka 20 pogwetsa Trevor Berbick mu Novembala 1986, mpaka lero palibe wamng'ono kuposa pamenepo pa heavyweight, ndipo Michael Spinks anamumaliza m'masekondi 91. Koma tepi ija simaonetsa funso langa lija: anamenya ndani? Larry Holmes anali ndi zaka 38 atapuma kale nkhonya. Spinks anali munthu wochokera ku gulu lopepuka. Akatswiri enieni a msinkhu wake atakumana nawo, Evander Holyfield mu 1996 ndi 1997, Lewis mu 2002, anagonja konse, kwinako mpaka kuluma khutu. Mukati nthawi imeneyo anali atatha kale atachoka kundende, chabwino, nanga Buster Douglas ku Tokyo mu Febuluwale 1990, Tyson ali ndi zaka 23? Ndipo chachikulu kwa ine ndi ichi: palibe nkhonya ndi imodzi yomwe imene Tyson anagwetsedwa pansi nkudzuka nkudzapambana. Ukatswiri woti umafuna tichotsepo zaka zonse kupatula zitatu, tichotsepo mkazi, tichotsepo Don King amene amamukonzera nkhonya, timuukitse kumanda mphunzitsi wake Cus D'Amato, umenewo ndi ukatswiri wa "akanakhala".

Ali safuna "akanakhala" aliyense, ngakhale iyeyo ndi amene ali ndi chifukwa chomveka chodandaulira, poti anamulanda lamba mu 1967 atakana kupita kunkhondo ya ku Vietnam nkukhala zaka zitatu ndi theka osamenya, kuyambira ali ndi zaka 25, nthawi yeniyeni yomwe thupi la wankhonya limakhala pachimake. Asanamuletse anali atamenya kale Sonny Liston amene amaopedwa ngati momwe Tyson anadzaopedwera. Atabwerera miyendo itayamba kulemera anakumana ndi Joe Frazier katatu ndi Ken Norton katatu. Norton anamuthyola chibwano mu 1973 iye nkumaliza maraundi 12 choncho. Henry Cooper anamugwetsa mu 1963, anadzuka nkumumaliza raundi yotsatira. Ndiye pali Kinshasa, 30 Okutobala 1974, 4 koloko m'mawa. George Foreman anali ndi zaka 25, nkhonya 40 osagonja, anali atagwetsa Frazier kasanu ndi kamodzi m'maraundi awiri, Norton nayenso maraundi awiri, anthu awiri omwe anamugonjetsapo Ali. Ali ali ndi zaka 32 anaona mu raundi yoyamba kuti kuvina sikutheka, Foreman amadula ring bwino kwambiri, ndiye anasintha pulani pompo nkhonya ili mkati, anakatsamira zingwe, magulovu kumaso, zigongono kutseka nthiti, nkumulola Foreman kuti azimenya uku akumunong'oneza zachipongwe m'khutu, a pakona yake akukuwa kuti choka pazingwepo. Raundi iliyonse kumapeto amatulukamo ndi tizibakera tachangu tolunjika kumaso. Pofika raundi ya 8 manja a Foreman amangokankha, Ali anapotoloka kuchoka pakona, kumanzere kumanja kangapo, Foreman anazungulira ngati woledzera nkugwa. Foreman yemweyo anadzatenganso lamba mu 1994 ali ndi zaka 45 pogwetsa Michael Moorer, m'nthawi ya a Tyson ndi a Holyfield, zomwe zikukuuzani kuti anthu a m'ma 1970 aja anali otani.

Komabe pali mfundo imodzi ya otsutsa yomwe ndi yolimba ndipo sindingaizembe. Amati nthawi zakalezo chitseko chinali chotseka kwa anthu ambiri. Dempsey sanapatsepo munthu wakuda mwayi wa lamba wake, Harry Wills anadikira mpaka kukalamba. Nthawi ya Ali anthu a ku Soviet Union ndi ku Cuba samaloledwa kumenya nkhonya zolipidwa, ndiye Teofilo Stevenson wa ku Cuba, wa golide katatu ku Olympics, sanakumane naye, ndipo Usyk akanabadwa nthawi imeneyo sitikanamumva nkomwe. Izi ndi zoona, ndipo nchifukwa chake Dempsey ine sindimuika pamwamba. Koma chitseko china chinatsekekanso mbali inayi: mnyamata wamkulu thupi wa ku America amene mu 1965 akanalowa jimu ya nkhonya lero amapita ku basketball kapena ku mpira wawo uja wa zipewa komwe ndalama ndi zambiri ndipo sukulu amakulipirira. Nthawi iliyonse ili ndi anthu ake osowa. Chomwe tingamufunse munthu ndi choti mwa amene analipo, anazembapo ndani? Ali sanazembe aliyense.

Muyezo umenewu sukondera achikulire, ndipo umboni wake ndi Usyk. Asanakwere ku heavyweight anakatenga ndi kuteteza malamba onse a cruiserweight, gulu lomwe lili pansi pa heavyweight, m'makomo mwa eni ake, Krzysztof Glowacki ku Poland, Marco Huck ku Germany, Mairis Briedis ku Latvia, Murat Gassiev ku Moscow mu 2018, kenako Bellew ku Manchester, ndipo atakwera, Joshua ku London. Kumenya Fury kunamupanga munthu woyamba kugwira malamba onse a heavyweight chichokereni Lewis mu 1999. Achikulire amene amati ana a lero ndi ofewa ayenera kumuchotsa uyu pa mndandanda umenewo. Chomwe chikumulepheretsa kufika pa Ali ndi kuchepa kwa ntchito, pofika pa Dubois paja anali atamenya nkhonya 8 zokha ku heavyweight ndipo 6 mwa izo ndi anthu atatu omwewo, pomwe Joe Louis anateteza lamba ka 25 kuyambira 1937 mpaka 1949. Ndiye ine ndimaika Ali poyamba, Louis wachiwiri, ndipo Usyk ndimamuika pa tebulo limodzi ndi Lewis, Holmes ndi Foreman kuti azikanganirana okha malo achitatu. Tyson akhale panja kaye ndi Liston, awiriwo ali ndi zambiri zoti akambirane.